Khoma la Kakamira mu Mkuyu wa a Daka

Sailas Daka anali munthu wosadziwa kudikira. Amene anam'dziwa ku Kabwe amayamba ndi zimenezi, kenako ndi pamene amakumbukira kuti analinso wamtali, wa mapewa otambalala, woimba besi m'kwaya ya Reformed mpaka pamene chifuwa chinam'landa mawu. M'zaka zija ufa unkasowa, iye ankaima pamzere mphindi khumi, n'kung'ung'udza, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Mkazi wake Esnath ankati mwamuna wake akabzala chimanga Lolemba, Lachitatu amakachifukula kuti aone ngati chayamba kumera. Anthu ankaseka. Koma khalidweli sanabadwe nalo, ndipo chimene chinam'patsa si nkhani yoseketsa.

Anachoka ku Katete mu 1958, Kabwe ikadatchedwa Broken Hill, nalembedwa ntchito mumgodi. Ntchito yake inali yoimika mizati ya mitengo pansi pa nthaka kuti denga la mwala lisagwere anthu, ndiponso kumanga makoma otseka njira zakale zimene zinasiyidwa. Ankaidziwa ntchitoyo, ndipo sankabisa. Ankanyada kuti mutam'sonyeza khoma lililonse, iye angakuuzeni mbali imene womanga wake anaima, pongoona kumene dothi linasalazidwa. Kutchalitchi, kusitolo, ngakhale pamaliro, munkam'peza akusisita khoma la eni ake ndi chikhatho, uku akupukusa mutu.

Anali ndi mnzake, Mateyu Sakala, wa mudzi umodzi, amene anakwera naye lole imodzi pobwera kudzafuna ntchito. Mu 1969 mwala unagwa m'njira ina ya pansi, Mateyu n'kutsekeredwa kuseri kwake. Sanafe. Ankagogoda paipi yamadzi ndi sipanala, katatu, n'kupumira, katatunso. Sailas anafuna kukumba molunjika nthawi yomweyo, ngakhale ndi zikhadabo. Akuluakulu a ntchito anati ayi, dikirani, mwala ukadayenda, imikani mizati kaye umodzi umodzi, tisataye anthu khumi pofuna mmodzi. Sailas anamvera. Anaimika mizati masiku awiri, khutu lili ku paipi. M'mawa wa tsiku lachitatu paipi inangoti zii. Anaboola dzuwa lili pamutu kunja kuno, napeza Mateyu atatsamira mwala, sipanala ili m'manja, thupi likadali lofunda.

Mwina akuluakuluwo ankanena zoona. Sailas sanafune kumva zimenezo, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Iye chimene anatolapo n'chakuti munthu akagogoda, umaswa. Kuyambira pamenepo mawu akuti "dikirani" sankafuna kuwamvanso.

Mu 1980 chifuwa chinam'tulutsa mumgodi, ndipo nyumba ya kampani anaibweza. Ana anali atakula kale. Lyness, woyamba, anakwatiwa ku Ndola. Ku Katete Sailas anakana kubwerera, ati kumeneko amene ankam'dziwa ali kumanda. Anapempha malo kupitirira Mpima, m'mbali mwa kamtsinje ka mitengo yowirira, kumene belu la ku seminale limamveka mphepo ikachokera kumadzulo. Anamanga nyumba ya zipinda ziwiri, makoma owongoka ngati a ofesi, nabzala mapapaya, magwafa ndi masamba. Esnath ankasenza dengu kukagulitsa mutauni. Woyandikana nawo anali Beston, wa mtundu wa Alenje, wofula njuchi, munthu wa mawu ochepa amene anabadwira m'tchire lomwelo.

Kumtsinjeko kunali akakamira. Kakamira ndi mbalame yaikulu kuposa khwangwala, yakuda kumsana, yoyera kumimba, ya mlomo waukulu wokhala ndi chitunda pamwamba ngati yasenza chikuni. Ikamauluka mapiko ake amachita kumveka, ndipo kulira kwake n'kwa khanda limene akulisambitsa madzi ozizira. Tsiku loyamba kuimva, Esnath anataya mtsuko n'kuthamangira kumtsinje, poyesa kuti wina wataya mwana. Sailas anamuseka sabata yathunthu. Mbalamezo zinkabwera m'timagulu kudzadya nkhuyu, ndipo zaka zitatu sizinalakwire munthu.

Chaka cha 1983 mvula inachedwa, zipatso za m'tchire n'kuchepa. Mu Okutobala kakamira mmodzi, wamphongo wa chitunda chachikulu, anayamba kubwera kumapapaya. Sankabwera kamodzi ayi. Ankatera, kubowola papaya lakupsa, kudzaza kukhosi, kuuluka, ndipo ola lisanathe wabweranso. Mapapayawo ndiwo anali sopo ndi mchere wa pakhomopo. Sailas anamuopseza ndi zitini, anapachika malaya akale pandodo, koma mbalameyo inkangoyang'ana malayawo mutu uli chammbali n'kupitiriza ntchito yake. Tsiku lachinayi anatenga legeni ndi timiyala tolemera ta mtovu timene anatola ku chulu cha zotaya za mgodi. Dzanja la munthu wa mizati silinjenjemera. Mwala woyamba womwewo unaigwetsa.

Esnath ndiye anaisosola kuseri kwa nyumba. Posakhalitsa anaitana.

"Atate a Lyness, tabwerani muone."

M'mero mwa mbalameyo munatuluka nkhuyu zisanu ndi imodzi, zidutswa za papaya ndi chiwala chimodzi, zonse zathunthu. Koma m'mimba munalibe kanthu, ndipo fupa la pachifuwa linali lakuthwa ngati mpeni.

"Iyi sinali kudya," anatero Esnath. "Inali kunyamula. Ili ndi banja kwinakwake."

"Wakuba aliyense ali ndi banja," anayankha Sailas.

Nyama inali yosowa masiku amenewo. Anaiphika, ndipo anaidya onse awiri.

Patapita masiku awiri, Sailas akulima m'munsi mwa dimba, anamva kugogoda. Ko, ko, ko. Kenako chete. Kenako ko, ko, ko. Khasu linam'pulumuka. Anaima pakati pa mzere, dzuwa likuswa mtengo, koma thupi lake lonse linazizira, ndipo m'mphuno mwake munabwera fungo la mwala wonyowa. Anatsata phokosolo mpaka pa mkuyu waukulu wa m'mbali mwa madzi. Pansi pake panali zitosi ndi njere za nkhuyu mulu. Atakweza maso anaona, pamtunda wa anthu atatu oimirirana pamapewa, mphako yomatidwa ndi dothi. Pakati pa dothilo panatsala kampata koima, kolowa zala ziwiri basi. Pakampatapo panatuluka nsonga ya mlomo, n'kubwereranso.

Anapita kwa Beston ali wefuwefu. Beston anabwera, nayang'ana m'mwamba, nayang'ana legeni imene inali m'khosi mwa Sailas.

"Ba Daka, uyo ni mukazi wa ija mbalame munapaya. Ali mukati na mazira, kapena manje ni bana. Mwamuna ndiye amamuletela vakudya, kuseni mpaka m'mazulo. Mwamuna akafa, nabo bamafa."

"Anam'tsekera ndani m'menemo?"

"Bantu bakamba ati ni mwamuna, ati jelasi. Ine siniziba. Chamene niziba, amankhala mukati myezi itatu, elo amachoka eka nthawi ikakwana. Osagwilako, ba Daka. Ngati mufuna kumutandiza, mupaseni vakudya, muyembekeze chabe."

Sailas anamva za nsanjezo n'kuzikhulupirira, chifukwa zinagwirizana ndi mtima wake. Kwa iye panalibe cholengedwa chimene chingakhale kuseri kwa khoma mwa kufuna kwake. Komabe tsiku limenelo anamvera Beston. Anadula milimo iwiri yaitali, nathera misomali yonse imene anasunga m'chitini chichokereni kumgodi, ndipo pofika madzulo makwerero anali atatsamira mkuyu. Anali makwerero olimba oti ng'ombe ikanakwerapo.

Tsiku loyamba mbalameyo inakana. Inabwerera m'kati n'kukhala chete. Tsiku lachiwiri anabaya nkhuyu pa kamtengo nailowetsa pang'onopang'ono, ndipo anamva kamtengoko kakugwedezeka. Pofika Loweruka inkalandira m'zala zake. Mlomo waukulu uja unkatola nkhuyu mofatsa, osam'kanda n'komwe. Ankakwera kasanu ndi kawiri patsiku, munthu wa chifuwa chakufa, kupumira pa sitepe yachisanu, kutsokomola pa yachikhumi. Ankazungulira mikuyu yonse ya kumtsinje ndi chitini, ankagwira ziwala m'mawa mame asanaume, ndipo nkhuyu zikasowa ankathyola mapapaya, omwe aja anaphera mwini banja.

Esnath sanalekerere. "Mwapha wakuba, manje mwalowa ntchito yake," anatero tsiku lina, dengu lake lili theka. "Uja ankaba ndi mlomo. Inu mukuba ndi mpeni."

Sailas anatenga chitini chake n'kupita kumkuyu. Koma m'mawa mwake anapeza pakhonde kambale ka magwafa odulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo palibe amene anatchula za kambaleko.

Nkhani inafika kumpingo. Akulu awiri anayenda ulendo wonsewo kudzaona chifukwa chimene a Daka anajombera Sabata ziwiri, ndipo anawapeza m'mwamba, akulankhula ndi mtengo. Anapemphera nawo pansi pa mkuyu, anapemphereranso mvula, nabwerera akugwedeza mitu. Sailas analibe nazo kanthu. Kunena zoona, masiku amenewo anali wokondwa kuposa chaka chilichonse chichokereni 1969. Mbalameyo inazolowera kulira kwa makwerero. Ikangomva phazi lake pa sitepe yoyamba, inkagogoda m'kati, ko, ko, ko, iye n'kuyankha ndi chibakera pathunthu. Akaika khutu pakampata ankamva timawu tiwiri tosiyana, tonga ta mbewa. Anauza Esnath kuti ana ndi awiri, ndipo ananena mwa munthu amene walandira kalata yochokera ku Ndola.

Koma chimwemwe chimenecho chinali ndi munga. Kugogoda kulikonse kunkam'bwezera pansi pa nthaka. Ankasisita dothi lomatalo ndi chala, kuliyeza kukhuthala kwake, kuwerengera kuti tchizulo ingalowe pati. Kunja kunkatentha moti agalu ankagona m'matope, ndiye m'katimo kuli bwanji? Kawiri konse anapita kwa Beston kukafunsa ngati nthawi sinakwane.

"Ikalibe. Mwezi umozi chabe, ba Daka. Muyembekeze."

Sailas ankabwerera nsagwada zili gwa. Zinam'pweteka kuti mawu amene anamva kwa anthu a zisoti zoyera mumgodi akuwamvanso kwa munthu wa nsapato za matayala.

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chitatu kunacha kotentha, kopanda mphepo, mitambo yakuda itaunjikana kumpoto. Esnath anali atalawirira kutauni. Beston anali ku ming'oma yake. Sailas anaponda sitepe yoyamba, ndipo sipanamveke kanthu. Anakwera. Anaika nkhuyu pakampata, nkhuyu n'kungokhala. Anagogoda katatu. Anaika khutu. Ngakhale timawu ta ana tija sitinamveke.

Mwina kunali kutadutsa nkhwazi kapena njoka, mayiyo n'kukhalitsa ana chete monga amachitira. Mwina ankangogona ndi kutenthako. Munthu wina akanatsika, n'kukasuta fodya, n'kubweranso. Sailas anadikira, ndipo tim'chitire chilungamo, anayesetsa. Anawerenga mpaka zana. Anagogodanso. Anawerenga zana lina. Kenako anaona pamaso pake dzanja lija logwira sipanala, lofunda, ndipo anatsika makwerero ngati mnyamata.

Tchizulo ndi hamala za kumgodi zinali pansi pa bedi, zopakidwa mafuta. Dothilo linali lolimba ngati njerwa yootcha, koma iye anali mmisiri. Anamenya kasanu, khoma n'kugwa pansi zibenthuzibenthu.

Mbalameyo inali moyo. Inali itadzikanikiza kumapeto kwa mphako, ikum'yang'ana ndi diso limodzi la nsidze zazitali ngati za munthu. Mapiko ake analibe nthenga. Mchira unalibe nthenga. Nthenga zonse zakale zinali zitathothoka n'kuyalidwa pansi, ndipo zatsopano zinali zikungotuluka kumene, tizisonga totuwa. Pansi pa mimba yake panali ana awiri, amaliseche, ofiira, mitu ikuwalemera. Kakamira wamkazi akalowa mumphako amataya nthenga zake zoulukira nthawi imodzi, popeza kuseri kwa khoma safuna mapiko. Zimenezi Beston sanazinene, mwina sankazidziwa, ndipo Sailas anazidziwira pamenepo, hamala ili m'manja.

"Pita," anatero. "Ndatsegula. Pita."

Mbalameyo inangophimba ana ake ndi mapiko opanda kanthuwo.

Manyazi ndi mantha zinam'gwira pamodzi. Anaganiza zokhomapo thabwa, koma misomali yonse inali m'makwerero, ndipo m'masitolo a mutauni misomali inali itasowa miyezi itatu. Anatsikira kumtsinje, nakanda dothi, nalisakaniza ndi udzu, nakwera nalo m'chitini maulendo asanu ndi limodzi. Anamata bwino, anasalaza ndi chikhatho, nasiya kampata ka zala ziwiri monga kanalili. Pomaliza anatsokomola mpaka kulavula magazi.

Beston anafika dzuwa litapendeka. Anaona zibenthu pansi, anaona khoma latsopano m'mwamba.

"Inakhala zii," anatero Sailas. "Ndinayesa yafa."

"Dothi yanu ni ya manzi, ba Daka. Yake amasakaniza na matuvi yake na vipaso, ndiye imakosa monga simenti. Iyi ifunika zuba masiku atatu."

Onse awiri anayang'ana kumpoto.

Mvula imene mpingo unapempherera milungu isanu inagwa madzulo omwewo, ndipo inagwa yeniyeni. Ku komboni ya Makululu, mutauni, ana anavina m'matope. Esnath anafika atanyowa mpaka m'kati, akuseka, natchera ndowa zonse za pakhomo. Sailas anafuna kukakwera ndi chisaka kuti akaphimbe mphako, koma mphezi zinkang'amba kumtsinje komweko, chifuwa chinali chitam'tseka, ndipo Esnath anaima pakhomo n'kunena kuti akadutsa, adutse pa mtembo wake. Monga tsiku lija mumgodi, anamvera, nakhala pansi.

M'mawa kunja kunali kozizira, konunkhira dothi, inswa zikuuluka paliponse, chakudya chokwanira akakamira zana. Dothi la Sailas linali litatsetsereka pathunthu la mkuyu, mzere wofiirira kuchokera pamphako mpaka pamizu. Mphako inali yasaa. Pa masitepe a makwerero ake olimba aja panali timapazi ta matope ta vumbwe, tokwera ndi totsika. Sanafunikenso kukwera, koma anakwera. Munali nthenga zakale zonyowa basi. Mlomo wa mayiyo anaupeza m'udzu, mapazi khumi kuchokera pamtengo.

Anakhala pamuzu. Pafupi ndi phazi lake panali chibenthu chimodzi cha khoma loyamba lija. Mvula yonseyo sinachisungunule. Anachitola mosaganiza, monga ankachitira ndi makoma a eni ake, nachisisita ndi chala chachikulu. Mbali yakunja inali yokhakhala, ya mabampu, dothi longounjikidwa. Anachitembenuza. Mbali ya m'kati inali yosalala, ndipo ponseponse panali timizere tating'ono, tondondozana bwinobwino, pamene mbali ya mlomo inkapanda dothi likadali lofewa, kusanjika, kupandanso.

Esnath anam'peza pomwepo, tiyi amene anam'bweretsera akuzizira m'manja mwake.

"Amake Lyness," anatero Sailas, osakweza mutu. "Womanga anaima m'kati."

"Mukuti bwanji?"

"Sanam'tsekere ndi mwamuna. Mwamuna ankangobweretsa dothi. Anamanga yekha, ali m'kati. Khomali linali lake." Anatembenuzanso chibenthucho. "Ine anangondipempha nkhuyu basi."

Analira pamenepo, mkulu wa zaka makumi asanu ndi mphambu, kulira kwenikweni kotulutsa mawu, kumene sanalire pamaliro a Mateyu. Esnath anaika kapu pansi n'kukhala pambali pake m'matope.

Sailas Daka anakhalanso pafupifupi zaka zinayi. Makwerero sanawachotse, anadyedwa ndi chiswe ali chiimire. Akakamira ankabwerabe kumapapaya, ndipo legeni sanaigwirenso, koma mumphako ija simunalowenso mbalame. Chibenthu chija anachiika pawindo la kuchipinda, ndipo makoma a eni ake anasiya kuwasisita. Pamzere wa ufa anthu anayamba kumuona ataima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, manja kumbuyo, osang'ung'udza, ngakhale ena akam'pitirira. Wogulitsa akatuluka n'kunena kuti ufa watha, mubwere mawa, iye ankangovomera ndi mutu.

Anamwalira mu Juni 1987, chifuwa chomwecho. Pamaliro, amayi a chigwirizano anayamikira kuti a Daka anamaliza bwino, anasanduka munthu wofatsa ndi woleza mtima. Esnath anawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anauza Lyness chapansipansi kuti iye anapemphera zaka khumi ndi zinayi kuti mwamuna wake aphunzire kudikira, ndipo ataphunzira, sankatha kumuyang'ana ali pamzere. Ankadzera njira ina.